Kodi Kulemba pa Intaneti Kukulipirabe? Mafunso ndi Mayankho

Mafunso awa ndawatola kwa anthu amene akhala akundifunsa za ndalama zimene munthu angapeze polemba pa masamba monga Medium, Substack, Wattpad ndi Kindle ya Amazon. Ena amabwera atamva kuti uje akudya madola ali khale pakhonde pake. Ena amabwera atalemba chaka chathunthu osaona ngakhale ya bandulo. Ndayankha monga munthu amene walembako pa masamba angapo otere, wadyako pang'ono, n'kupsanso nawo zala.

Kodi n'zoonadi kuti olemba akupeza ndalama zochepa kusiyana ndi kale, kapena ndi madandaulo chabe a anthu amene zawakanika?

N'zoona. Ku Britain kuli bungwe lotchedwa ALCS, lomwe ntchito yake ikufananako ndi ya COSOMA kuno kwathu: limatolera ndalama za olemba pamene ntchito zawo zakopedwa. Kafukufuku amene linatulutsa mu 2022 anaonetsa kuti mlembi wapakatikati, mwa anthu amene kulemba ndiyo ntchito yawo yaikulu, amapeza mapaundi 7,000 pachaka. Mu 2006 ankapeza mapaundi 12,330. Mukaphatikizapo kukwera mitengo kwa zinthu pa zaka zonsezo, ndalama yake inatsika ndi 60 peresenti. Musathamangire kusintha mapaundi amenewa kukhala makwacha n'kuyamba kusirira. Ku Britain, munthu wogwira ntchito tsiku lonse pa malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma amapeza zoposa pamenepa kutalitali.

Ku America nkhani ndi yomweyo. Bungwe la Authors Guild linapeza kuti mu 2022 mlembi wapakatikati, mwa amene amalemba ngati ntchito ya tsiku ndi tsiku, anapeza madola 10,000 kuchokera ku mabuku ake, ndipo zinafika 20,000 ataphatikiza maganyu ena okhudza kulemba.

Mawu oti "wapakatikati" muwagwire bwino. Akutanthauza kuti olemba onse mutawaimika pamzere, kuyambira wopeza zochepa mpaka wopeza zambiri, uyu ndi amene waima pakati penipeni. Zithunzi za malipiro zimene anthu amaponya pa Facebook n'za amene ali kumutu kwa mzerewo. Theka la kumchira silijambula kanthu.

Nanga ndalama zimene masamba amenewa amalipira olemba zimachokera kuti?

Njira zilipo zitatu, ndipo musanalembe chiganizo choyamba pa tsamba lililonse, dziwani kuti mwalowa mu iti.

Yoyamba ndi ya otsatsa malonda. Owerenga salipira, koma m'mbali mwa nkhani yanu mumaoneka malonda, ndipo mumalandira kachigawo ka ndalama ya wotsatsayo. Njirayi imafuna khamu lalikulu la anthu, makamaka a m'mayiko olemera, chifukwa wotsatsa amalipira zambiri kuti aonedwe ndi munthu wa ku New York kusiyana ndi wa ku Mchinji. Chinanso, gawo lalikulu la ndalama za malonda a pa intaneti linapita kale kwa Google ndi Meta, eni ake a Facebook. Otsala akulimbirana zotsalira.

Yachiwiri ndi ya mphika umodzi. Owerenga amalipira kampaniyo pamwezi, kampaniyo imapatula ndalama ina, kenako olemba onse amagawana malinga ndi mmene awerengedwera. Medium ndi Kindle Unlimited amayendera imeneyi. Vuto lake aliyense amene anadyapo pamaliro amalidziwa: nsima ikakhala yomweyo koma manja akuchuluka, mbamu zimachepa. Mukhoza kulemba bwino chaka chino kuposa chaka chatha, owerenga anu osachepa, koma n'kulandira zochepa chifukwa olemba ena zikwizikwi alowa.

Yachitatu ndi yoti wowerenga amalipira inuyo mwachindunji, kampani n'kudulapo yake. Substack ili apa, komanso kugulitsa buku limodzilimodzi pa Amazon.

Njira ziwiri zoyambazo ndimaziyerekeza ndi utenanti wa pa esiteti ya fodya. Munda si wanu, sikelo si yanu, giredi ya fodya amatchula ndi bwana, mtengo mumaumva mutakolola kale. Kusiyana kwake n'koti tenanti amamuonako bwana wakeyo n'kumudandaulira. Kuno bwana ndi algorithm, ndondomeko ya pakompyuta imene imasankha nkhani yoonetsa anthu ndi yobisa, ndipo mmene imawerengera sauza munthu.

Zinayamba liti kuvuta? Kapena ndi AI yabweretsa zonsezi?

AI, mapulogalamu a pakompyuta otha kulemba okha ngati munthu, yapeza nyumba ikudontha kale.

Cha m'ma 2009 ndi 2010 kunali makampani amene anthu ankawatcha zigayo za nkhani. Yaikulu inali Demand Media, eni a tsamba la eHow, imene inkalipira pafupifupi madola 15 pa nkhani imodzi yaifupi yolembedwa kuti ikole anthu ofufuza pa Google. Anthu ambiri ankadyera pamenepo. Mu Febuluwale 2011 Google inasintha kasankhidwe kake ka masamba, kusintha kotchedwa Panda, ndipo masamba a mtundu umenewu anakankhidwira pansi. Olemba sanalakwe kanthu usiku umenewo, koma ntchito inayamba kuuma. Mwa masamba ena olipira olemba, Yahoo Voices inatsekedwa mu 2014. Squidoo inamezedwa ndi HubPages chaka chomwecho.

Mu Febuluwale 2011 momwemo, tsamba la nkhani la Huffington Post linagulitsidwa kwa kampani ya AOL pa madola 315 miliyoni. Tsambali linakula ndi thukuta la olemba masauzande amene ankalemba ulere, powauza kuti malipiro awo ndi kudziwika. Ena mwa iwo, motsogozedwa ndi Jonathan Tasini, anakasuma kufuna madola 105 miliyoni. Khothi linathetsa mlanduwo mu 2012 ponena kuti anthuwo analemba akudziwa kuti salipidwa. Nkhani imeneyi muzikumbukira nthawi iliyonse munthu akakuuzani kuti "ndalama palibe koma dzina lanu limveka".

Kenako kunabwera mphepo ya mavidiyo. Cha m'ma 2016 ndi 2017 nyumba zambiri zofalitsa nkhani zinachotsa olemba n'kulemba ntchito ojambula, pokhulupirira kuti anthu pa Facebook akufuna kuonera, osati kuwerenga. Facebook inavomera mu Sepitembala 2016 kuti inkakokomeza nthawi imene anthu amathera poonera mavidiyowo, ndipo mu 2019 inavomera kulipira otsatsa malonda madola 40 miliyoni kuti mlandu uthe. Olemba amene anachotsedwa sanalandirepo kanthu pa ndalamayo. Mu Januwale 2018 Facebook inachepetsanso nkhani za manyuzipepala zimene anthu amaona. Nyumba yofalitsa nkhani ya BuzzFeed News, imene inapatako mphoto ya utolankhani ya Pulitzer mu 2021, inalengeza kutseka mu Epulo 2023, ndipo inzake ya Vice inalengeza kuti yagwa ndi ngongole mwezi wotsatira.

Ndimamva kuti pa Medium anthu amalandira bwino. Zili bwanji?

Alipo amene amalandira, koma ndi ochepa, ndipo malamulo ake sakhazikika. Tsambali analiyambitsa ndi Ev Williams mu 2012, yemwenso anali mmodzi mwa oyambitsa Blogger ndi Twitter. Mu Januwale 2017 anachotsa antchito 50 n'kulengeza kuti njira ya malonda yalephera. Chaka chomwecho anayamba kulipiritsa owerenga madola 5 pamwezi ndi kulipira olemba potengera kuwomba m'manja, kabatani kamene wowerenga amadina akaikonda nkhani. Olemba anaphunzira msanga kupempha m'manja ndi kuwomberana m'manja okhaokha. Chakumapeto kwa 2019 anasintha: tsopano chowerengedwa chinali nthawi imene membala wathera pa nkhani yanu. Nkhani zinayamba kutalika, olemba ndakatulo n'kulira. Mu 2021 anaika lamulo loti ukhale ndi okutsatira 100 usanayambe kulandira. Mu 2023, pansi pa mkulu watsopano Tony Stubblebine, lamulo limenelo analichotsa, n'kunena kuti wolemba akhale membala wolipira, ndipo ndalama zambiri zinayamba kupita ku nkhani zimene anthu osankhidwa azipatsa chizindikiro cha Boost, choti zionetsedwe kwa owerenga ambiri.

Sindikunena kuti kusintha kulikonse kunali koipa. Kwina kunali kofuna kuthana ndi akamberembere. Koma taganizani mlimi amene m'zaka zisanu ndi chimodzi amuuza kanayi kuti sikelo yasintha, kamodzi akuyeza kulemera, kenako kutalika kwa tsamba, kenako maonekedwe. Munthu wotere sangalonjeze mwana wake fizi ya temu ya mawa.

Nanga Amazon? Si kuti amapereka 70 peresenti ya mtengo wa buku?

Amapereka, koma chiwerengero chimenechi chili ndi michira. Amazon inatsegula njira yoti munthu adzisindikizire yekha buku la pa Kindle mu 2007. Kwa zaka zambiri lamulo lakhala loti 70 peresenti mumailandira buku likakhala pa mtengo wa pakati pa madola 2.99 ndi 9.99, ndipo wogulayo akhale m'mayiko amene iwo anawandandalika. Kupanda apo ndi 35 peresenti. Mbale wanu akagula ali ku Zomba, mumalandira 35.

Tiyeni tiwerengere. Buku la madola 2.99 likagulidwa ku America, yanu ndi pafupifupi madola awiri. Boma la America limadulapo msonkho wa 30 peresenti kwa olemba a m'mayiko amene alibe nalo pangano la misonkho, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko otero. Mwatsala ndi dola imodzi ndi masenti osafika 50. Ndalamayo imatuluka patapita masiku pafupifupi 60 mwezi wa malondawo utatha.

Kindle Unlimited, imene inayamba mu 2014, ndi mphika umodzi uja. Poyamba ankalipira buku likabwerekedwa. Kuyambira Julayi 2015 amalipira pa tsamba lililonse la bukulo limene lawerengedwa, ndipo mtengo wa tsamba limodzi wakhala ukuzungulira pansi pang'ono pa theka la senti. Munthu akawerenga buku lanu la masamba 300 mpaka kumapeto, mwapeza dola imodzi ndi timasenti. Akalisiyira pa tsamba 20, mwapeza zosakwana masenti 10. Kuti mulowemo, mumalonjeza kuti kwa masiku 90 buku la pa foni kapena kompyutalo simuligulitsa kwina kulikonse, ngakhale pa tsamba lanulanu. Mtengo wa tsamba umalengezedwa mwezi utatha.

Mabuku osindikiza papepala nawo anakhudzidwa. Kuyambira Juni 2025, buku la mtengo wochepera madola 9.99 limapatsa mlembi 50 peresenti m'malo mwa 60, ndipo pamenepo amachotsaponso ndalama yosindikizira. Kindle Vella, imene anaitsegula mu 2021 kuti anthu azigulitsa nkhani m'zigawozigawo, anaitseka mu Febuluwale 2025.

Ambiri akuthawira ku Substack. Kumeneko ndiye kuli chipulumutso?

Pa masamba onsewa, kagawidwe ka Substack ndiko komveka. Inayamba mu 2017. Mumalemba kalata imene imapita ku imelo ya owerenga, mtengo mumatchula nokha, iwo amatengapo 10 peresenti, ndipo kampani yodutsitsa ndalama ya Stripe imadulanso yake. Pa madola 5 mumatsala ndi pafupifupi 4. Chabwino koposa n'choti mndandanda wa maimelo a owerenga mukhoza kuukopera n'kuchoka nawo.

Koma Substack sikupezerani anthu olipira ngati simunabwere nawo. Amene anapindula kwambiri ndi atolankhani ndi olemba amene anali otchuka kale, anangosamuka ndi gulu lawo. Mwa owerenga aulere, amene amavomera kulipira ndi ochepa kwambiri, ndipo thumba la wowerenga lili ndi malire: munthu sangalipire olemba khumi madola asanu aliyense mwezi ndi mwezi. Akafuna kuchepetsa, amayamba kudula amene sakumudziwa bwino. Pamwamba pa izo, kuti mulandire ndalama mufunika akaunti ya Stripe, imene munthu wokhala ku Malawi sangatsegule ndi banki yakuno.

Pali mapulogalamu a pafoni a nkhani zachikondi amene amanditumizira uthenga kuti ndisaine kontirakiti. Ndisaine?

Werengani kaye, mzere ndi mzere, ngakhale itakhala ya masamba 20. Mapulogalamu amenewa amagulitsa nkhani m'machaputala, wowerenga amagula timakobidi ta mu pulogalamumo kuti atsegule chaputala chotsatira. Wattpad, imene inayambira ku Toronto mu 2006 ndipo inagulidwa ndi kampani ya ku South Korea ya Naver mu 2021 pa madola pafupifupi 600 miliyoni, ndi yodziwika kwambiri, koma kulipidwa kumeneko n'kochita kusankhidwa. Ena ambiri ndi ochokera ku Asia, ndipo ndi amene amasakasaka olemba a ku Africa ndi ku Philippines.

Ine ndinasainako ndi ina, dzina ndilisunga. Anandilonjeza kandalama kolowera, ndi bonasi ya pamwezi ngati nditumiza mawu oposa chikwi tsiku lililonse, kuphonya masiku owerengeka okha. Ndinkalemba pa foni ndi zala ziwiri, usiku ana atagona. Magetsi akazima ndinkapita kwa mnyamata wometa pa msika amene ali ndi sola, n'kukhala pa benchi yake kudikira kuti foni ifike theka, tsitsi la anthu likundigwera pamapazi, ine ndikuganiza mmene mtsikana wa m'nkhani yanga athawire mwamuna wolemera amene mkonzi anandiuza kuti ndimuikemo. Mwezi wachitatu kumudzi kunagwa zovuta. Ndinakhalako masiku anayi, netiweki yake yochita kukwera pachulu. Nditabwerera ndinapeza kuti ndapyola malire ndi tsiku limodzi, bonasi yonse yapita. Nditadandaula, yankho linali lachifundo ndithu, koma linathera pa ndime ya kontirakiti. Ndimo mmene ndinaiwerengera koyamba mofatsa, n'kupeza kuti nkhaniyo si yanganso: ufulu woimasulira, woijambula filimu, woiwerenga pa mawu, zonse ndinapereka, ndipo ndikanaisiya panjira anali ndi mphamvu yopatsa wina kuti aimalize.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ife tokha. Mu Meyi 2020 olemba a pa intaneti ku China, kumene malonda amenewa ndi aakulu zedi, anachita tsiku losatumiza machaputala pokwiya ndi makontirakiti a kampani ya China Literature, imene ili pansi pa Tencent.

Musanasaine, funani mayankho a izi m'kontirakitimo: umwini wa nkhani ukhala wa ndani, kwa zaka zingati, gawo lanu akuwerengera pa ndalama yonse imene wowerenga walipira kapena pa "phindu" limene iwo okha ndiwo amadziwa kawerengedwe kake, ndipo mukafuna kutuluka mulipira chiyani. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nanga AI yasintha chiyani kwenikweni?

ChatGPT, pulogalamu ya AI ya kampani ya OpenAI, inatuluka pa 30 Novembala 2022, ndipo inamenya olemba mbali zitatu.

Choyamba, manja a mumphika muja anachuluka mosaneneka, chifukwa munthu mmodzi akhoza kutulutsa nkhani makumi patsiku. Magazini ya ku America ya Clarkesworld, imene imalipira nkhani zopeka za sayansi, inatseka kaye kulandira nkhani mu Febuluwale 2023 italandira zoposa 500 zolembedwa ndi makina mwezi umodzi. Mu Sepitembala chaka chomwecho Amazon inaika malire oti munthu asatulutse mabuku atsopano oposa atatu patsiku. Taimani pamenepo kaye: atatu patsiku ndiwo anali malire. Medium inaletsa nkhani zolembedwa ndi AI kulowa m'gulu lolipidwa kuyambira Meyi 2024.

Chachiwiri, maganyu ang'onoang'ono anauma: kulemba zofotokoza katundu wa pa sitolo, timankhani todzazira tsamba la kampani, ndi zina zotere zimene olemba ambiri ankapezera ya sopo. Ku Kenya, kumene achinyamata ambiri ophunzira ankadyera kulembera ana a sukulu za ukachenjede akunja ntchito zawo za m'kalasi, ganyu ameneyu anachepa kwambiri. Inali ntchito yokayikitsa kale, koma inkalipira lendi.

Chachitatu, njira yobweretsa owerenga yaphwa. Kuyambira Meyi 2024 Google inayamba kuika yankho lolembedwa ndi AI pamwamba pa zotsatira zofufuza. Munthu akapeza yankho pomwepo, sadinanso kupita pa tsamba la amene analemba.

Olemba sanangokhala chete. Olemba mafilimu a ku Hollywood ananyanyala ntchito masiku 148 mu 2023, ndipo AI inali imodzi mwa nkhani zake. New York Times inasumira OpenAI ndi Microsoft mu Disembala 2023. Mu 2025 kampani ina ya AI ya Anthropic inavomera kupereka kwa eni mabuku madola 1.5 biliyoni pa mlandu wa mabuku amene anatengedwa pa masamba akuba, pafupifupi madola 3,000 pa buku lililonse. Koma oyenera kulandira anali a mabuku olembetsedwa ku ofesi yoona za umwini wa zolemba ya ku America. Nkhani zimene munaponya pa Facebook kapena pa tsamba lanu sizili m'gulu limenelo.

Kwa ife amene tili ku Malawi, dola imodzi ndi ndalama ndithu. Si ndiye kuti tili pabwino kuposa Azungu?

Mbali ina inde. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho madola 50 amene mlembi wa ku London sangawawerengere, kuno amagula thumba la chimanga n'kutsalako. N'chifukwa chake makampani a makontirakiti oipa aja amatikonda: amadziwa kuti tivomera zimene ena akana.

Koma ndalamayo kuti ikufikeni imadutsa m'minga. Masamba ambiri amalipira kudzera ku Stripe, ndipo mndandanda wa mayiko ololedwa umasinthasintha, choncho fufuzani ngati Malawi ilipo musanalembe, osati mutalemba kale nkhani 40. Ena amadutsira ku kampani ina yotumiza ndalama ya Payoneer, imene imadulanso yake. Google AdSense, imene imaika malonda pa tsamba lanu n'kukulipirani, situlutsa ndalama mpaka zitakwana madola 100, ndipo kwa tsamba laling'ono zimenezo zikhoza kutenga chaka kapena kuposa. Ndalama ikalowa kubanki, amakusinthirani pa mtengo wa boma, pamene foni, laputopu ndi batire zimene mumagwiritsa ntchito mumagula pa mitengo yotsatira dola ya pamsika wakuda.

Ena amapempha mbale wa ku Johannesburg kapena ku Leeds kuti awatsegulire akaunti m'dzina lake, popeza South Africa ndi Britain ali ndi pangano la misonkho ndi America. Dziwani kuti pamapepala ndalamayo ndi ya mbaleyo, msonkho wake ukamufunsa iyeyo, ndipo mukadzayambana pa nkhani ya munda wa agogo, akaunti ndi mabuku anu zili m'manja mwake.

Ine ndimalemba m'Chichewa. Masamba amenewa angandithandize?

Pa ndalama, pang'ono kwambiri. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, koma AdSense siika malonda pa masamba a Chichewa, ndipo Chichewa sichili pa mndandanda wa zinenero zimene Amazon imalola pa mabuku a Kindle. Pa Medium mukhoza kulemba, koma mamembala olipira amene angawerenge Chichewa ndi owerengeka, ndipo mphika uja umagawidwa potengera iwowo.

Chodabwitsa n'choti olemba Chichewa anadzipezera njira yawo imene ili pafupi ndi ya Substack, popanda kuitchula dzina. Munthu amaponya magawo oyamba a nkhani pa Facebook, anthu akakodwa amawauza kuti yotsala ili ku gulu la WhatsApp, kulowa ndi kandalama kapamwezi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Palibe Stripe, palibe msonkho wa ku America, palibe kudikira masiku 60. Ndalama yake ndi yochepa, ndipo mdani wake ndi wodziwika: mmodzi amalipira, n'kutumizira gawo lonse ku magulu asanu a akwaya ndi a kuntchito dzuwa lisanalowe. Lamulo la umwini wa zolemba la 2016 limakutetezani papepala, koma simungathamangitse foni iliyonse. Amene akupirira pa njirayi ndi amene owerenga amawadziwa ngati munthu, moti kuba nkhani yawo kumachititsako manyazi.

Tsamba likatsekedwa, zolemba zanga zimapita kuti?

Nthawi zambiri amakupatsani milungu ingapo kuti mukopere, kenako zimafufutidwa. Twitter inagula Revue, tsamba la makalata ngati Substack, mu Januwale 2021 n'kuitseka mu Januwale 2023. Bulletin ya Facebook, ya mtundu womwewo, inayamba mu 2021 n'kutha kumayambiriro kwa 2023. OkadaBooks ya ku Nigeria, imene inathandiza olemba ambiri a ku Africa kugulitsa mabuku a pafoni kwa zaka khumi, inatseka mu Novembala 2023. Zolemba mukhoza kupulumutsa ngati munasunga kwina. Chimene sichipulumuka ndi owerenga, chifukwa "okutsatirani" 5,000 pa tsamba lotsekedwa simudziwa ngakhale nambala ya mmodzi. Lembani kaye pa foni kapena kompyuta yanu, tumizani kope ku imelo yanu, kenako ndiye muziponya.

Pali amene akugulitsa maphunziro a "mmene mungapezere madola polemba". Ndilipire?

Mufunseni kuti mwezi wathawu anapeza zingati polemba, ndipo zingati pogulitsa maphunzirowo. Akayankha funso loyamba ndi chithunzi cha 2020, sungani ndalama yanu mugule bandulo.

Ndiye ndisiye kulemba pa masamba amenewa?

Ayi, koma ntchito imene muli nayo musasiye chifukwa cha mwezi umodzi wabwino. Ine mwezi wabwino ndinauonako, ndinafika powerengera malata a nyumba, mwezi wotsatira ndalama inabwera yosakwana theka pa ntchito yofanana.

Olemba amene ndikuwaona akuimabe amagwiritsa ntchito masambawa ngati benchi ya pamsika, poonetsera katundu, ndipo ndalama yeniyeni imabwera njira zina: kumasulira zikalata za mabungwe, kukonza zolemba za ena, kulemba masewero a pa wailesi, kuphunzitsa, kugulitsa buku losindikiza pamanja kutchalitchi, kusukulu ndi pa misonkhano. Kumasulira nakonso kwayamba kutsika mtengo, chifukwa ena amabwera ndi zimene makina atembenuza kale n'kunena kuti "mungokonzako pang'ono", pamene kukonza Chichewa cha makina nthawi zina kumatenga nthawi kuposa kuyamba pachiyambi. Pamenepo tchulani mtengo mutaona kaye ntchitoyo.

Lembetsani ku COSOMA ngati muli ndi buku losindikizidwa, ndipo dziwanani ndi anzanu a ku Malawi Writers Union, chifukwa kontirakiti yoipa imadziwika msanga anthu akamaonetsana. Pa nkhani iliyonse imene mwaponya, ikani njira yoti wowerenga akupezeni inuyo popanda kudzera kwa mwini tsamba. Ine ndili ndi kope lachikuto cholimba mmene ndimalembamo nambala ya aliyense amene anandilipirapo, ngakhale kamodzi, ndi dera limene amakhala. Gawo latsopano likapsa Lachisanu madzulo, ndimayamba kutumizira a m'kopemo, ndipo pa Facebook limafika Lolemba.